Bokosi la mapasiwedi a kuntchito: zimene ndinaphunzira ku Kanengo

Mawu a mnzathu wa m'kalabu pa msonkhano wa Loweruka lapitali, kwa amene munajomba.



Ambiri mukudziwa kuti chaka chatha ndinapeza ntchito ya ukalaliki ku Kanengo. Chimene simukudziwa n'chakuti sabata yoyamba yomweyo ndinatsala pang'ono kuitaya, osati chifukwa cha kuba kapena kuchedwa, koma pasiwedi.

Ndisanayambe ntchito, pasiwedi yanga inali imodzi paliponse: dzina la mudzi wathu ndi chaka chimene ndinabadwa. Facebook yomweyo, imelo yomweyo. Kuntchito anandiuza kuti zimenezo ayi, kuno timagwiritsa ntchito password manager. Ndinangogwedeza mutu ngati ndamva.

Ndikufotokozereni ndi bokosi la banki mkhonde. Ndalama za gulu zimakhala m'bokosi lokhoma, ndipo si aliyense amene amayenda ndi kiyi. Password manager ndi bokosi lotero, koma la mu kompyuta ndi mu foni. Limasunga mapasiwedi onse a kuntchito, limakupangiranso ena atsopano ovuta kuwalota, ndipo limawalemba lokha ukamalowa. Iwe umangoloweza imodzi, yaikulu, yotsegulira bokosilo. Alipo angapo monga Bitwarden ndi 1Password. Wosankha ndi abwana, osati iwe.

Ine yaikuluyo ndinailemba pakapepala n'kumata pansi pa keyboard. A IT atakapeza anandiyitanira kwa abwana. Anati aliyense akanalowa ndi kapepalako, kompyuta ikanalemba dzina langa. M'menemo muli maina ndi manambala a makasitomala, ndipo kuyambira 2024 Malawi ali ndi lamulo loteteza zinsinsi zotere, la Data Protection Act. Ndinapulumuka ndi chenjezo basi.

Ndiye mukadzayamba ntchito, chitani izi.

Choyamba, uthenga wokuitanani kulowa m'bokosilo umabwera pa imelo ya kuntchito. Musanadine chilichonse, funsani a IT ngati ndi iwodi atumiza. Akamberembere omwe aja otumiza mauthenga oti mwawina mphoto alinso pa imelo. Safunsa anadya phula.

Chachiwiri, pasiwedi yaikulu ikhale yaitali. Tengani mawu anayi kapena asanu osagwirizana, ngati nkhwani, mbaula, njinga, mphambe. Amenewa musatenge, ndawatchula kale pagulu! Dzina la mwana, la chibwenzi, Bullets kapena Noma, zimenezo aliyense wokudziwani azilota. Muziilemba pamanja tsiku lililonse mpaka ikhazikike m'mutu, chifukwa ngakhale kampani yopanga pulogalamuyo siidziwa. Mufunsiretu a IT kuti mukaiwala mudzatani.

Chachitatu, ikani loko wachiwiri, uja wa kanambala kobwera pa foni kamene kamasintha pakangopita masekondi 30. Adzakupatsaninso nambala yodzapulumukira foni ikatayika. Imeneyo lembani papepala, musunge kunyumba pamodzi ndi satifiketi ya MSCE, osati mu ofesi ngati ine.

Chachinayi, mnzanu akafuna pasiwedi ya akaunti imene mumagwiritsa ntchito limodzi, musatumize pa WhatsApp. M'bokosimo muli chipinda chogawana, a IT amulowetse m'menemo. Yaikuluyo yokha, ngakhale bwana wamkulu asaidziwe. Ndipo tsiku lina bokosi likakana kulemba lokha pasiwedi pa tsamba looneka ngati lozolowereka, imani kaye. Mwina tsambalo ndi labodza.

Chomaliza, ndipo ichi ndichimene ambiri amalira nacho: bokosilo ndi la eni ntchito. PIN ya Airtel Money kapena Mpamba, pasiwedi ya Facebook, ya ku banki, musaikemo. Kontrakiti ikatha amatseka akaunti, mwina tsiku lomwelo, zanu n'kutsalira m'nkhokwe ya eni. Zanu tsegulirani bokosi lanulanu pa imelo yanu. Bitwarden ili ndi gawo laulere.

Musadikire kuti mulembedwe ntchito kaye. Tsamba la kalabu yathu lomweli, ndi angati akudziwa pasiwedi yake? Nanga aja anasamuka, tinaisintha? A sekilitale, ndapota nanu, nkhani imeneyi ilowe pa ajenda ya sabata yamawa.

Amene mukufuna kuyeserera, bwerani ndi foni yotchaja, tikhale pansi tikatha pano.