Mawondo a makolo athu ku Utale



Ambiri a ife a ku Utale amene tili kuno ku Joni tikaimba foni kumudzi timamva dandaulo limodzi: mawondo. Amayi amene ankalima thonje ndi kusenza ndowa kuchokera ku mtsinje wa Rivirivi lero akadzuka pamphasa amayamba agwira khoma, ndipo ku Misa amalephera kugwada. Ena mwa inu mwandifunsa za jakisoni wa hyaluronic acid amene madokotala ena kuno amabaya m'bondo, ndipo mukufuna tisonkhe ndalama tiwatumizire.

Mankhwalawa amafanana ndi madzi otelera amene ali kale m'mfundo zathu. Ali ngati girisi pa tcheni cha njinga: amafewetsa, koma chimene chinaperepeseka sachibwezera. Ena amapezako bwino kwa miyezi ingapo, kenaka ululu umabwerera. Mu 2022 magazini ya madokotala ya BMJ inasonkhanitsa kafukufuku 169 n'kupeza kuti phindu lake n'lochepa kwambiri poyerekeza ndi jakisoni wopanda mankhwala. Chaka chomwecho bungwe la NICE ku Britain linalangiza kuti asamaperekedwe pa nyamakazi ya m'mawondo. Chonsecho mtengo wake ndi wokwera.

Chimene chikundiopsa kwambiri ndi maganizo otumiza jakisoniyu pa basi kuti wina akawabaye pakhomo. Chonde, ayi. Singano yolowa m'mfundo ikakhala ndi tizilombo, bondo limachita mafinya, munthu n'kulumala kapena kutisiya kumene.

Ndalama zathu zigwire ntchito ina. Tilipire thiransipoti kuti akawapime pachipatala cha boma ku Balaka, chifukwa si bondo lililonse lotupa lili ndi nyamakazi. Likatentha ndipo thupi n'kutenthanso, apite tsiku lomwelo. Kukafunika opaleshoni, madokotala a mafupa alipo kuchipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre. Tiwagulire ndodo yabwino ndi mankhwala opaka, tipeze waganyu wotunga madzi ndi kupalira. Koma asangokhala pansi, pakuti kuyenda pang'onopang'ono ndi kulimbitsa minofu ya ntchafu n'kumene kumachepetsa ululu.

Ndikupempha kuti lero lomwe lino tisankhe anthu awiri alembe mayina a makolo amene akuvutika ndi mawondo, tiyambe ndi amene sakuthanso kutuluka m'nyumba.