Dothi Lakuda la pa Dzala



Mlimi aliyense amadziŵa kuti dothi la pa dzala ndi lachonde. Bonongwe ndi maungu zimamera zokha pamenepo, masamba ali biriŵiri. Makolo athu sanalakwe potapa dothi lotere kupita nalo kudimba, pakuti dzala lawo linali la makoko, madeya ndi phulusa la nkhuni. Koma dzala la lero ndi lina. M'menemo mukugona mabatire a galimoto ndi a sola, zitini za penti, mafoni akufa ndi mababu osweka.

Zinthu zimenezi zili ndi zitsulo zapoizoni monga mtovu, cadmium ndi mercury. Tsamba limaola, koma chitsulo sichiola. Tikatentha zinyalala, china chimatsala m'phulusa, china n'kuuluka ndi utsi. Tsono dothi la m'mbali mwa nyanja, pokhala lamchenga, siligwira zitsulozi monga ligwirira dothi lamakande. Mvula ikagwa zimatsika msanga, ndipo kunyanja madzi a m'zitsime sali patali.

Mtovu umawononga ubongo wa mwana mwakachetechete, mwanayo n'kumatchedwa mbuli kusukulu popanda wodziŵa gwero lake. Ku Kabwe, m'dziko la Zambia, mgodi wa mtovu unatsekedwa mu 1994, koma patapita zaka 20 mtovu unali kupezekabe wochuluka m'magazi a ana oseŵera pafumbi. Cadmium ndiye amaloŵa mosavuta m'ndiwo zamasamba ndi mumpunga. Ku Japan, alimi othirira mpunga ndi madzi a mtsinje wa Jinzu, amene munkaloŵa zotayidwa za kumgodi, anadwala impso ndipo mafupa awo anafeŵa. Boma lawo linavomereza chifukwa chake mu 1968. Inu olima mpunga ku Lifuwu, nkhaniyi isakupiteni.

Chovuta n'chakuti dothi loipitsidwa silisiyana maonekedwe ndi labwino, ndipo kuphika ndiwo sikuchotsa chitsulo.

Choncho kumbani dzenje lanulanu la manyowa, lothiramo mapesi, makoko ndi ndowe zokha. Chitsime chikhale kumtunda, kutali ndi dzala. Batire lakufa musaliphwanye pabwalo kapena kuliponya pamoto. Liikeni pouma, posafika ana. Ngati dimba lanu lili pa dzala lakale la pamsika, kaonaneni ndi alangizi a zaulimi musanafese mpiru.