Nsalu ija isanavundukulidwe

Wapampando wa mwambo uno, a Gogo Chalo ndi mafumu onse amene mwabwera nawo, a Bwanamkubwa a boma lino, aphunzitsi a ntchito zamanja, amakaniko ndi owotcherera amene mwatseka magalaja anu kuti mudzakhale nafe, atolankhani, amayi ndi abambo, komanso inu ana anga amene mwatiitana: zikomo kwambiri.

Ntchito imene mwandipatsa ndi yopepuka. Mwati ndiyankhule pang'ono, kenako ndikakoke nsalu yaphimba kagalimoto kali apoko kuti dziko likaone. Koma kalata yondiitana itandipeza, ndinayamba ndawaimbira lamya anyamata ndi atsikana amene apanga kagalimotoka n'kuwafunsa funso limodzi: kodi maonekedwe a galimotoyi mwalembetsa? Kumbali inayo kunangoti zii. Ndiye ndinawauza kuti ine nsaluyo sindiikhudza mpaka nditaona pepala. Mwina ananditenga ngati nkhalamba yovuta. Ndiloleni ndifotokoze chimene chinandivutitsa.

Mu Disembala 2010, kampani ya Land Rover ya ku Britain inapita ndi galimoto yake yatsopano, Range Rover Evoque, ku chionetsero cha galimoto mumzinda wa Guangzhou ku China. Anthu anaizungulira, anaijambula kutsogolo, kumbuyo ndi m'mbali, monga momwe mafoni anu akudikirira pano. Kalata yopempha umwini wa maonekedwe ake ku China a Land Rover anakaipereka mu Novembala 2011, patatsala pang'ono kuti chaka chikwane. Mu 2014, pa chionetsero cha mumzinda womwewo wa Guangzhou, kampani ya Jiangling inavundukula galimoto yotchedwa Landwind X7. Denga lotsetserekera kumbuyo, mazenera opanikizika kumapeto, magetsi ang'onoang'ono ngati maso a munthu wosinza, ngakhale kalembedwe ka dzina pa boneti: Evoque yeniyeni. Kusiyana kunali pa mtengo, pakuti ndalama zogulira Evoque imodzi zinkakwana kugula ma Landwind atatu.

Nkhani itafika kwa oona za umwini wa luso ku China, mu 2016 anafafaniza mapepala a makampani onse awiri. A Jiangling anauzidwa kuti yawoyo ikufanana kwambiri ndi galimoto yomwe inalipo kale. A Land Rover anauzidwa kuti pamene ankabwera kudzalembetsa, chinthucho sichinali chatsopanonso, popeza anali atachionetsa okha kugulu. Anadzibaya ndi mkondo wawo womwe. Anachita kulowera khomo lina, lakuti mnzawoyo akuchita malonda mosokoneza ogula, ndipo mu Malichi 2019 khoti la m'boma la Chaoyang ku Beijing linagamula kuti Jiangling inakopera zinthu zisanu za Evoque, isiye kupanga ndi kugulitsa galimotoyo. Anapambana, inde. Koma werengani zaka, kuchokera 2014 kufika 2019, ndipo nthawi yonseyi maloya amalipidwa. Land Rover ili ndi thumba lakuya, mwini wake ndi Tata wa ku India. Inu ana anga, amene ndamva kuti ndalama ya matayala anayi okha munachita kusonkherana, mungapirire miyezi ingati pakhonde la khoti la kunja? Chaona mnzako chapita, mawa chiona iwe.

Musaganize kuti izi ndi za akuluakulu okha. Mlamu wanga wina, mmisiri wa zitini, anapanga mbaula ya kachitseko kotsekereza mpweya, yosadya makala ambiri. Anakhala nayo usiku wambiri, kudula, kukhoma, kutaya, kuyambiranso. Tsiku la msika anapita nazo zisanu ndi imodzi, zonse zinatha dzuwa lisanafike paliwombo. Mmodzi mwa ogulawo analibe cholinga chophikira. Patangotha milungu itatu mbaula zija zinali mbwee pamsika, za malata opyapyala, pa theka la mtengo. Zikabooka pansi, amayi ankatukwana mlamu wanga, poti aliyense ankazitchula ndi dzina lake. Wokopera amakubera kawiri: amatenga kasitomala, n'kukusiyira mbiri yoipa.

Tsono njira yake ndi iti? Lamulo limasiyanitsa zinthu zitatu, ndipo ambiri timaziphatikiza. Mukatulukira kagwiridwe katsopano ka injini kapena mabuleki, chimenecho ndi cha patenti. Dzina ndi chizindikiro chapamphuno pa galimoto zimalembetsedwa pazokha. Chimene ndikunena lero ndi chachitatu: nkhope ya galimoto, mmene diso likuionera, kupindika kwa boneti, kakhalidwe ka magetsi ndi zitseko. Kwathu kuno zimenezi zimalembetsedwa ku ofesi ya boma yoona za umwini wa luso. Tilinso ndi bungwe la ARIPO, lomwe linabadwa ndi pangano la ku Lusaka mu 1976 ndipo likulu lake lili ku Harare. Kudzera m'pangano la ku Harare la 1982, kalata imodzi ikhoza kukutetezerani m'maiko angapo amene mwasankha, monga Zambia, Mozambique, Zimbabwe, Tanzania ndi Kenya. South Africa simembala, kumeneko n'kukagogoda padera. Ku China ndi ku India nakonso n'padera, chifukwa pepala la dziko lino mphamvu yake imathera pa chipata cha Mwanza kapena Songwe. Koma pali mwayi umodzi wochokera ku pangano lakalekale la ku Paris la 1883: mukalembetsa kuno lero, muli ndi miyezi isanu ndi umodzi yokalembetsa kwina, ndipo kumeneko adzawerenga ngati munafika lero lomwe. Miyezi isanu ndi umodzi imatha ngati mchere wobwereka. Lembani tsikulo pakhoma la galaja.

Wina afunsa kuti, tikalembetserenji ku China pamene sitigulitsako? Chifukwa n'kumene mudzapite kukapangitsa magalasi, magetsi ndi mabampala, poti kuno makina ake kulibe. Mudzatumiza zojambula zanu pa WhatsApp kwa munthu amene simunaonanepo naye maso. Iye adzasula chikombole, n'kukuumbirani magetsi makumi asanu amene mwalipira. Nanga chikombolecho chikatsala m'manja mwake, usiku chidzaumbira yani? Amene munaumbapo njerwa mukudziwa kuti mwini chikombole ndiye mwini njerwa. Choncho musanatumize chojambula chilichonse, pakhale pangano lolembedwa lonena kuti chikombole ndi chanu, ndiponso kuti saloledwa kuumbira wina. Pakati pa inu nokhanso lemberanani. Lero mukudyera mbale imodzi, koma ndalama ikadzalowa, wina adzakumbukira kuti boneti anajambula ndi iye.

Ndikutsineninso khutu pa mbali ina imene simungaikonde. Onetsetsani kuti nanunso simunakopere. Land Rover yomweyo italeka kupanga Defender yakale mu Januwale 2016, mkulu wina wachuma, Jim Ratcliffe, anayambitsa galimoto yakeyake yotchedwa Ineos Grenadier, yooneka ngati bokosi mofanana ndi Defender. Anakokerana kukhoti, ndipo mu 2020 khoti lalikulu ku London linakana kuti maonekedwe a Defender akhale chizindikiro cha Land Rover yokha. Ratcliffe anapulumuka, koma iye ndi mmodzi mwa anthu olemera kwambiri ku Britain. Inu mukabwereka mphuno ya Toyota, ndalama zoti mudzitetezere mulibe.

Ndisakunamizeni kuti pepala ndi mankhwala a zonse. Ku Kenya kuli kampani ya Mobius, yomwe inayamba kupanga galimoto zolimba zoyenera misewu yafumbi. Mu Ogasiti 2024 inalengeza kuti ikutseka chifukwa chuma sichinkayenda, mpaka inachita kugulidwa ndi ena. Pamsika wa kuno wopikisana naye wamkulu ndi galimoto yogwiritsidwapo kale ntchito ya ku Japan, yotsikira pa doko la Dar es Salaam, imene makaniko aliyense wa pansi pa mtengo wa mango amaidziwa mtima wake. Chimene wokopera wa kutali sangakopere ndi chakuti inu muli pompano. Sipuling'i ikathyoka pa msewu wa kumudzi nthawi ya dzinja, mwini galimoto akaimba foni, ayankhidwe m'Chichewa ndipo sipeya ifike mawa lake.

Kwa inu a boma, pempho langa ndi laling'ono. Wachinyamata wa kuno asamachite kugulitsa mbuzi kuti apeze thiransipoti yokafunsira fomu. Ndipo ogwira ntchito m'zipata zathu aphunzitsidwe kuzindikira katundu wokopera, chifukwa pepala lopanda woliyang'anira pachipata limangodyedwa ndi chiswe m'kabati.

M'mawa uno, ndisanakhale pampando, mtsikana amene akutsogolera gululi anandipatsa envulopu. Ndi iyi. Muli lisiti ya kalata yawo yolembetsera, chidindo chake cha Lachiwiri lapitali. Ndaiwerenga kawiri, magalasi ali pamphuno. Tsopano atolankhani konzani makamera anu, jambulani mmene mungafunire. A Gogo Chalo, ndikupempheni tinyamukire limodzi, inu mugwire nsonga iyo, ine ndigwire iyi.