MAKHADI A KU CIPATALA ATHANDIZA KUFUFUZA MATENDA

Munthu akapita ku cipatala, namwino amalemba dzina lace, zaka zace, kulemera kwa thupi lace, nthenda imene yambvuta ndi mankhwala amene walandira. Kale zonsezi zinali kulembedwa pa khadi ya pepala, ndipo khadiyo inali kugona m'kabati kufikira ciswe citaidya. Masiku ano zipatala zambiri za m'Zambia zimasunga mau amenewa m'kompyuta, mwa njira imene dzina lace ndi SmartCare.

Nchito yoyamba ya khadi ndiyo kuthandiza mwini wace. Koma iripo nchito yaciwiri. Dokotala mmodzi amaona odwala okhawo amene afika pa khomo pace, koma makhadi zikwi zambiri akasonkhanitsidwa pamodzi amaonetsa zinthu zimene diso la munthu mmodzi silingaone.

Citsanzo cace cinaoneka mu Lusaka. M'caka ca 2004 boma linayamba kugawa mankhwala a ARV kwaulere m'zipatala zazing'ono za m'makomboni, ndipo makalaliki anali kulowetsa mbiri ya wodwala ali yense m'kompyuta. Pofika November 2005, anthu akulu opitirira 16,000 anali atayamba kumwa mankhwalawo m'zipatala 18. Akatswiri a bungwe la CIDRZ pamodzi ndi a boma anawerenga mbiri zimenezi, nafalitsa zimene anapeza m'caka ca 2006. Anaona kuti mankhwala anali kugwira nchito bwino ngakhale m'zipatala zocepa madokotala. Anaonanso cinthu cacisoni: mwa anthu 10 ali onse amene anamwalira, pafupifupi 7 anamwalira asanathe masiku 90 ciyambire mankhwala. Ambiri a iwo anafika mocedwa, ataonda kale, magazi atacepa ndiponso citetezo ca m'thupi citagwa. Phunziro lace linali lomveka: munthu asadikire kufooka kuti apite kukapimidwa.

Komabe khadi imanena zokhazo zimene yauzidwa. Anthu a m'matauni ndi a m'migodi sakhala pamodzi nthawi yaitali. Lero ali ku Kitwe, mawa apeza nchito ku Solwezi, mwina abwerera kumudzi ku Petauke. Wodwala akacoka osatsazika, kompyuta imangolemba kuti wasowa. Akatswiri ena anatsata anthu osowawa mpaka kumanyumba kwao m'zigawo zinai za dziko lino, ndipo m'caka ca 2018 anaonetsa kuti ena anali kulandira mankhwala ku zipatala zina, ena anali ataleka, koma ena anali atamwalira cipatala osadziwa. Motero imfa zinali zambiri kuposa zimene makhadi anaonetsa.

Iripo nkhani ina imene imadetsa nkhawa anthu, ndiyo ya cinsinsi. Mwamuna wa pa mgodi angaope kuti akulu a nchito adzamva za cifuwa cace, ndipo mai angaope kuti anansi adzadziwa nthenda yace. Mantha amenewa si acabe ai, pakuti madzi akatayika saoleka. Cifukwa ca ici ofufuza ayenera kulandira mbiri zocotsedwa maina, zokhala ndi manambala okha, ndiponso ayenera kuyamba apempha cilolezo. Lamulo la kafufuzidwe ka za umoyo la 2013 linakhazikitsa bungwe loyang'anira nchito imeneyi, ndipo lamulo la 2021 limateteza mbiri ya munthu kuti isaululidwe wamba.

Tsono udindo uli pawiri. A cipatala ndi ofufuza asunge cinsinsi monga lamulo linenera. Wodwala naye anene zoona pamene afunsidwa, asasinthe dzina pa cipatala ciri conse, ndipo posamuka atenge kalata yomtumiza ku cipatala ca kumene apita. Banja limene lataya mbale wao amene anali pa mankhwala lidziwitse a cipatala, kuti ciwerengero cikhale coona ndi kuti odwala otsala asamalidwe bwino.