Mfuti ya Msilikali M'manja mwa Mmisiri

M'maboma ambiri a dziko lino muli mabanja amene amasimbabe za gogo kapena malume amene anapita ku Keyala, gulu lija la asilikali lotchedwa King's African Rifles, limene linakhazikitsidwa m'chaka cha 1902. Pa nkhondo yachiŵiri ya dziko lonse amuna ameneŵa anafika ku Ethiopia, ku Madagascar ndi ku nkhalango za ku Burma, ndipo pa pheŵa pawo panali mfuti yotchedwa Lee-Enfield, imene ambiri ankangoitchula ndi nambala yake, .303. Nkhondo itatha m'chaka cha 1945 iwo anabwerera kwawo ndi mamendulo, koma mfuti zinatsala m'nyumba za zida za boma. Nkhani ya lero ikulondola mfuti za mtundu umenewu kumene zambiri zinakathera: m'manja mwa amisiri a ku Britain, America, Canada, Australia ndi New Zealand, amene ankazisandutsa mfuti za alenje.

Dzina la mfutiyi lili paŵiri. Lee ndi James Paris Lee, amene anapanga mpiringidzo wotsekera chipolopolo pamodzi ndi kabokosi kosungiramo zipolopolo, pamene Enfield ndi malo a kumpoto kwa London kumene kunali fakitale ya boma. Asilikali a Britain anayamba kuigwiritsa ntchito m'chaka cha 1895, ndipo pambuyo pake inapangidwanso ku Lithgow m'dziko la Australia, ku Ishapore m'dziko la India ndi ku Long Branch m'dziko la Canada, kufikira chiŵerengero chake chinapitirira mamiliyoni 16. Cha m'ma 1957, pamene asilikali analandira mfuti zamakono zodziloŵetsera zokha chipolopolo, maboma anatsala ndi milumilu ya mfuti zakale. Anazigulitsa kwa amalonda pa mtengo wozizira, pamodzi ndi mfuti za Mauser zimene zinalandidwa kwa Ajeremani. Munthu wamba amene sakanatha kugula mfuti yatsopano yosakira nyama anapeza mwaŵi pamenepo.

Koma tsono mfuti ya msilikali si mfuti ya mlenje. Ya msilikali anaikuta ndi matabwa mpaka kumphuno kuti asapse manja pamene mpope watentha ndi kuwombera kosalekeza, ndipo kumphunoko anaikako chitsulo chokoloŵekapo mpeni wobayira adani. Kachitsulo kake kolunjikitsira kanali ndi manambala ofika mayadi 2,000, pamene mlenje wanzeru saombera nyama imene ili kutali kuposa mayadi 200. Kulemera kwake kunali pafupifupi makilogalamu 4. Msilikali amanyamula chimene wapatsidwa osafunsa. Mlenje amene akwere phiri kuyambira mbandakucha amaŵerengera kalikonse kolemetsa pheŵa lake.

Munthu wosadziŵa angaganize kuti ntchito imayamba ndi sowo. Mmisiri weniweni amayamba ndi maso. Akamasula mfuti yonse ndi kutsuka girisi wouma wa zaka makumi angapo, amaloza mpope kumene kuli kuŵala nkusuzumira m'kati. M'menemo muli tingalande tozungulira timene timapotokola chipolopolo kuti chiziyenda molunjika, ndipo moyo wa mfuti uli pa tingalande timeneti. Adani ake anali aŵiri. Woyamba anali mankhwala oyatsira wonga a masiku amenewo, amene ankasiya mchere m'kati mwa mpope. Mcherewo unkakoka chinyezi, chinyezi nkubala dzimbiri. Nchifukwa chake asilikali ankalamulidwa kuthira madzi oŵira mu mpope akatha kuwombera. Msilikali amene ananyozera lamulo limeneli m'mvula ya ku Burma anasiya umboni wa ulesi wake, ndipo mmisiri amauŵerenga patapita zaka zambiri ngati kalata. Mdani wachiŵiri anali wonga wa Angerezi wotchedwa cordite, umene unkayaka ndi moto waukali wodya chitsulo pamalo pamene chipolopolo chimanyamukira. Wonga womwewu ndi umene unathetsa mfuti yoyamba ya Lee-Metford, popeza tingalande take tosazama sitinkachedwa kufufutika. Mpope umene wadyeka chotero suchiritsika. Umachotsedwa, nkuikapo wina.

Chachiŵiri chimene mmisiri amayesa ndi kampata ka pakati pa mpiringidzo ndi tsinde la chipolopolo. Kampataka nkochepa kwambiri, kosayesedwa ndi diso koma ndi tizitsulo toyesera topangidwira ntchito yomweyo. Mfuti ikawombera zikwi za zipolopolo zitsulo zimaperepeseka, mpata nkukula. Ndipo ukakula mopitirira, chigoba cha chipolopolo chingang'ambike, mpweya wamoto nkubwerera cha kunkhope kwa wowombera. Opanga Lee-Enfield ya mtundu wa No. 4 anaoneratu zimenezi, kotero anapanga mitu ya mpiringidzo yotalika mosiyana, ya nambala 0, 1, 2 ndi 3, kuti wokonza mfuti azingosintha mutu.

Pali matenda ena amene ngakhale diso lakuthwa silingawaone, ndipo nkhani ya mfuti ya ku America yotchedwa Springfield ya 1903 ndiyo phunziro la amisiri onse. M'fakitale ya boma ya ku Springfield, osula ankayesa kutentha kwa chitsulo poyang'ana maonekedwe ake pamoto, monga momwe wosula makasu amachitira pachipala. Anali amuna ozoloŵera ntchito yawo, koma diso limanama: chitsulo chimene chimaoneka chofiira bwino tsiku la mitambo chimaoneka chozimirira tsiku la dzuŵa, motero pa tsiku loŵala ankachitentha mopitirira muyeso. Chitsulo chopsereza chotero chimauma ngati phale, ndipo m'malo mopindika chimasweka. Mfuti zina zinaphulika m'manja mwa asilikali, ena mpaka kutaya diso. M'chaka cha 1918 njira yolimbitsira chitsulo inasinthidwa, koma mfuti pafupifupi 800,000 zinali zitatuluka kale m'fakitaleyo, ndipo panalibe njira yosiyanitsira yabwino ndi yoipa popanda kuiswa. Kufikira lero mmisiri wosamala akalandira Springfield amayamba waŵerenga nambala yake. Ikakhala yochepera pamenepo amaibweza kwa mwini wake, ngakhale ioneke yokongola chotani.

Zitsulo zikapezeka kuti nzamoyo, mpamene ntchito imene anthu amaiyamikira imayambika, ndiyo ya thabwa. Amisiri a kumeneko amakonda mtengo wa walnut, monga momwe akalipentala a kuno amakondera mlombwa ndi mbaŵa: ndi wolimba koma wosalemera kwambiri, sung'aluka msanga, ndipo ukapakidwa mafuta umaonetsa maŵanga ake. Thabwalo liyenera kukhala louma kwa zaka, pakuti laliŵisi limapindika ndi nyengo nkukankha mpope, mfuti nkuyamba kuphonya. Mmisiri amalitembenuzatembenuza kuti aone mmene mitsempha ya mtengo yayendera, makamaka pamalo opyapyala pamene dzanja limagwira, chifukwa pamenepo mpamene thabwa limathyoka mitsempha ikadutsa chopingasa.

Kuloŵetsa zitsulo m'thabwamo ndiyo ntchito yoyesa mtima wa munthu. Mmisiri amadetsa chitsulo ndi mwaye wa nyali, nkuchikhazika m'mphako imene wasema, nkuchichotsanso. Pamene pada ndi mwaye mpamene thabwa latukuka. Amapalapo pang'ono ndi tchizulo, nkudetsanso chitsulo, nkuyesanso. Amabwereza zimenezi tsiku lathunthu, maŵa lakenso chimodzimodzi, kufikira mwaye udetse ponseponse mofanana. Si zokongoletsa ayi. Mfuti ikalira imabwerera m'mbuyo mwamphamvu, ndipo mphamvu imeneyo ikagwera pa kamalo kamodzi thabwa limang'aluka. Wopupuluma akasema mopitirira waononga thabwa lonse, popeza mtengo wosemedwa subwezeredwa.

Kenaka amayesa mwini mfuti monga momwe telala amayesera munthu wofuna suti: kutalika kwa mkono, kukula kwa dzanja, ndi pamene tsaya limagona. Cholinga nchakuti mlenje akaponya mfuti papheŵa, diso lake lipezeke lili kale pamzere popanda kufunafuna, pakuti gwape sadikira. Pamalo ogwira amalembapo timizere topingasana, mwina 20 pa inchi imodzi, tonse ndi dzanja, kuti mfuti isaterereke ndi thukuta kapena mvula. Potsiriza amapaka mafuta a linseed, dontho ndi dontho, kutikita ndi chikhatho mpaka thabwa lifunde, nkulisiya masiku angapo kuti liume asanapakenso. Pamenepa pokha pamatha milungu.

Zitsulo nazo zimapalidwa ndi tupa ndi sandipepala mpaka zipsera za nkhondo zichoke, kenaka zimadetsedwa. Njira yakale ndi yodabwitsa, chifukwa mmisiri amaitana mdani yemwe uja, dzimbiri, kuti amugwirire ntchito. Amapaka chitsulo mankhwala ochititsa dzimbiri lopyapyala, nkuchiŵiritsa m'madzi. Dzimbiri lofiira limasanduka lakuda, iye nkupukuta losagwira ndi burashi yofeŵa ya waya. Akabwereza kangapo, chitsulo chimavala khungu lakuda lonyezimira limene limasunga mafuta nkuchiteteza.

Ku Britain ntchito siithera m'nyumba ya mmisiri. Lamulo la kumeneko limaletsa kugulitsa mfuti imene sinayesedwe, ndipo mfuti imene yasinthidwa mpope iyenera kuyesedwanso. Nyumba zoyesera zilipo ziŵiri: ya ku London, ya bungwe la opanga mfuti limene linalandira chilolezo cha mfumu m'chaka cha 1637, ndi ya ku Birmingham, ya m'chaka cha 1813. Kumeneko amaikamo chipolopolo champhamvu yoposa cha masiku onse nkuiwombetsa anthu ali potetezeka. Ikapirira amaidinda chizindikiro. Ya ku Birmingham imatuluka ndi chisoti chachifumu pamwamba pa malembo akuti BNP. Ikalephera, miyezi yonse ija ya mwaye ndi mafuta yapita pachabe.

Si onse amene anatsata njira yaitali chotere. M'dziko la New Zealand, agwape amene Azungu anabwera nawo m'zaka za m'ma 1800 anaswana mpaka kuononga nkhalango, kotero kuyambira m'ma 1930 boma linalemba ntchito alenje oti aziwapha. Amuna ameneŵa ankakhala miyezi m'mapiri, ndipo ambiri ankangodula matabwa a .303 yawo kuti ipepuke, osasamala za kukongola. Mbali ina kunali anthu achuma. Mtsogoleri wa dziko la America, Theodore Roosevelt, anapangitsa Springfield yosakira nyama nkupita nayo ku ulendo wake wa kuvuma kwa Africa m'chaka cha 1909, ndipo ambiri anatengera chitsanzo chake. Kampani ya Griffin & Howe, imene inayamba ku New York m'chaka cha 1923, inatchuka ndi ntchito imeneyi, pamene ya Parker-Hale ya ku Birmingham inasandutsa ma Lee-Enfield ochuluka kukhala mfuti za alenje a ndalama zochepa. Pakati pa magulu aŵiriŵa panali khamu la anthu a sowo ndi changu, amene ntchito yawo, kunena mosabisa, inaononga mfuti zambiri kuposa zimene inakonza.

Kutsika mtengo kwa mfutizi kunali ndi mbali yake yoŵaŵa. Mfuti imene inapha Pulezidenti John Kennedy ku Dallas m'chaka cha 1963 inali Carcano, yotsala kwa asilikali a ku Italy, yogulidwa kudzera pa positi pa mtengo wosafika madola 20. M'chaka cha 1968 dziko la America linakhazikitsa lamulo loletsa kugulitsa mfuti kwa munthu wamba pa positi ndi kuitanitsa mfuti zotsala pankhondo kuchokera kunja, ngakhale kuti mbali yachiŵiriyi inafeŵetsedwa m'chaka cha 1984. Mfuti ikavula matabwa a nkhondo imakhalabe mfuti pamaso pa lamulo, ndipo kuno ku Malaŵi, monga ku Britain, kuisunga popanda chilolezo cha boma ndi mlandu waukulu.

Masiku ano zinthu zatembenuka. Mafakitale amapanga mfuti zatsopano zosakira nyama pa mtengo wotsika kuposa malipiro a mmisiri wa miyezi itatu, pamene mfuti zakale zosakhudzidwa ndi sowo zasoŵa. Osunga zinthu zakale amalipira ndalama zambiri pa Lee-Enfield imene ili monga momwe msilikali anaisiyira, ndi zipsera zake zomwe, kuposa pa inzake yodulidwa ndi kupakidwa bwino. Zina mwa mfuti zoyambirira zinali ndi kachitsulo kozungulira pathabwa, kodindidwa dzina la gulu la asilikali limene linkainyamula. Amene ankasema thabwa latsopano ankataya lakale pamodzi ndi kachitsuloko, ndipo mbiri ya kumene mfutiyo inayenda inkatayikira pomwepo. Nchifukwa chake amisiri ambiri a lero amavomera kugwira ntchitoyi pa mfuti yokhayo imene inatheratu kapena imene wina anaidula kale.

Tsopano kwabuka amisiri ena oyenda chobwerera, amene amasakasaka matabwa akale ndi tizitsulo tomangira timene anzawo anataya zaka 60 zapitazo, kuti aveke mfuti yodulidwa zovala zake za usilikali. Thabwa limapezeka, ngakhale movutikira. Koma mpope wofupikitsidwa sutalikanso, ndipo mabowo amene anaboola poikapo galasi loonera patali amasiya chipsera. Fakitale ya ku Enfield inatsekedwa m'chaka cha 1988. Ngakhale a Canadian Rangers, alonda a kumpoto kozizira kwa Canada amene ananyamula Lee-Enfield kuyambira 1947, anayamba kuisiya cha m'ma 2018, mfutiyo ikugwirabe ntchito m'chisanu choopsa, chifukwa zitsulo zosinthira zinali zitayamba kusoŵa.