BELU LATSOPANO TILIPACHIKE PATI?

 Komiti yatiuza kuti ndalama zogulira sukulu yathu belu ndi chimkuzamawu zatsala pang'ono kukwana. Pempho langa ndi limodzi: tisanagule, tiyambe tagwirizana za malo ozipachika, pakuti belu labwino likaikidwa pamalo olakwika silimveka.

Mawu amayenda mumpweya ngati mafunde, pa liwiro la mamita pafupifupi 340 pa sekondi. Akagunda chipupa, ena amabwerera, ena amakhota pangodya ndi pamwamba pa denga. Koma sikuti onse amakhota mofanana ayi. Ng'oma yaikulu yonjenjemera ka 100 pa sekondi imatulutsa funde lotalika mamita 3.4, ndipo funde lotere limazungulira nyumba mosavuta. Wenzulo wonjenjemera ka 3,000 ali ndi funde la masentimita 11 okha, tsono kuseri kwa makalasi limafika litafooka. N'chifukwa chake kukakhala gule kutsidya timamva ng'oma zokha, osamva mawu a nyimbo.

Nyengo nayo ili ndi mbali yake. M'mamawa mwezi wa June mpweya wozizira umakhala pansi, wofunda pamwamba, ndipo mawu amapindikira pansi namveka kutali. Masana mwezi wa October nthaka ikatentha, mawu amapindikira kumwamba. Mwera ukamawomba, amene ali kumene mphepo ikulowera amamva bwino, koma amene ali kumene ikuchokera amavutika.

Zonsezi akatswiri amatha kuziwerengera nyumba isanamangidwe. Mu 1968 katswiri wa ku Japan, Maekawa, adasindikiza tchati chosonyeza mmene chipupa chimachepetsera phokoso, malinga ndi mtunda woonjezera umene mawu ayenda pokwera pamwamba pake. Mu 1996 padatuluka ndondomeko ya ISO 9613-2 yowerengera kufooka kwa mawu panja. Masiku ano amalowetsa mukompyuta mapu a malo, msinkhu wa nyumba ndi zitunda, iyo n'kujambula pamene mawu afika ndi pamene safika.

Ife kompyuta yotere sitikuisowa. Tijambule mapu a sukulu papepala. Ophunzira aime kogona, kukhitchini, kubwalo la mpira ndi m'midzi yoyandikana nafe. Mmodzi aimbe chitsulo chathu chakale chija ali pansi, kenaka achikweze kupitirira madenga. Tiyese m'mawa ndi masana, aliyense alembe ngati wamva. Mudzaona kuti amene akuchiona chitsulocho ndi maso ndiye amachimva bwino.

Anzanga, nkhaniyi siyongoitanira ana ku asembule. Tonse tikukumbukira mwezi wa March 2023, pamene namondwe Freddy adagumula mapiri ndipo matope adakokolola mudzi wa Ntauchira konkuno ku Chiradzulu. Ambiri opulumuka m'maboma akummwera adasungidwa m'masukulu. Boma lathu ndi la mapiri ndi zigwa, ndipo phiri limatchinga mawu monga momwe chipupa chimachitira. Tsiku lina belu lathuli lidzafunika kudzutsa anthu usiku, mvula ikugunda pamalata.

Choncho ndikupempha komiti kuti pa ndalama tasonkhazi ipatuleko zomangira nsanja, ndipo kuyesa kuja kuchitike mvula isanayambe. Ine ndidzabwera ndi tepi yoyezera. Ofuna kuthandiza alembetse maina kwa a mlembi tisanabalalike.