Kufufuza za Ndege Zimene Zinagwa pa Nthawi ya Nkhondo

Lero tikambirane za anthu ofufuza mbiri ya ndege zimene zinagwa pa nkhondo yaikuru ija ya 1939 mpaka 1945.

Musayese kuti ndege zonse zinagwa cifukwa ca mfuti za adani. Iai. Kuyambira mu 1940 ku Southern Rhodesia, kumene lero ndi ku Zimbabwe, kunali masukulu ophunzitsa anyamata kuulutsa ndege, monga Belvedere, Thornhill ndi Kumalo. Kumeneko kunalibe mdani, koma anyamata ambiri anafera pa ngozi ali mkati mophunzira. Abale athu amene anali ku nchito ku Harare ndi ku Bulawayo anali kuziona ndegezo ndi maso.

Nanga wofufuza ayamba bwanji? Ayamba ndi mapepala. Ndege ya nkhondo ya Angerezi ikacita ngozi, akalaliki anali kulemba khadi lochedwa Form 1180: tsiku, mtundu wa ndege, nambala yace, dzina la woyendetsa, ndi cimene akuru anaganiza kuti ndico cinalakwika. Makhadiwa asungidwa ku RAF Museum, ku Hendon mu London. Palinso Form 540, buku limene gulu liri lonse linali kulembamo zocitika tsiku ndi tsiku. Mabukuwa ali ku National Archives, ku Kew. Maina a akufa ndi manda ao asungidwa ndi Commonwealth War Graves Commission.

Koma pepala lingonena cokhaco cimene mlembi anamva ali mu ofesi. Tamvani za ndege ina ya Amereka, dzina lace Lady Be Good. Pa 4 April 1943 inanyamuka ku Soluch, m'dziko la Libya, ndi anthu 9, kukaponya mabomba ku Naples. Siinabwere, ndipo akuru anayesa kuti yagwera m'nyanja. Papita zaka 15, mu 1958, anthu ofunafuna mafuta anaiona iri gone m'cipululu, mamailosi oposa 400 kumtunda. Pobwera usiku inapitirira kwao osazindikira. Mu 1960 anapeza mitembo, pamodzi ndi kabuku ka mmodzi wa oyendetsa, Robert Toner, m'mene analemba za masiku 8 amene anakhala mu mcenga ndi timadzi tocepa. Anthu 8 anapezeka. Mmodzi sanaoneke kufikira lero. Taganizani makolo ao, zaka zonsezo mtima uli ku nyanja, pamene ana ali ku mcenga!

Ncifukwa cace wofufuza wanzeru sakhuta ndi mapepala okha. Afuna kuponda pamalo peni peni, ndipo apa ndi pamene muloŵa inu. Kapena kuphiri kwanu kapena m'dambo muli zitsulo zimene agogo ankati ndi za ndege. Musaziphwanye kuti musulire mipeni kapena kukhomera nkhokwe. Pa injini ndi pa zitsulo zina pali timapuleti ta manambala, ndipo nambala imodzi ikhoza kulunzanitsa citsulo ndi khadi lace, ndi khadi ndi banja la womwalira. Mukapeza zipolopolo kapena cinthu conga bomba, musakhudze, musatenthe chire pamenepo, ndipo letsani ana oŵeta mbuzi. Zinthu zimenezi ziphulika ngakhale zacita dzimbiri. Uzani mfumu, ndipo mfumu idziŵitse apolisi kapena a ku Boma.

Inu nyakwawa, ngati m'mudzi mwanu muli nkhalamba imene inaona ndege ikugwa, kapena inamva kwa makolo ace, itanani mphunzitsi alembe mau ace: inali nyengo yanji, cimanga cinali msinkhu wanji, ndege inacokera mbali iti, ndani anafika poyamba. Citani zimenezi dzinja lisanafike.